Sukulu ya pa Mphasa

Mu 2024, kolera itabuka, boma linacedwetsa kutsegula masukulu mpaka pa 12 Febuluwale. Makolo ambiri mu Lusaka muno anadandaula kuti ana akungokhala. Ine m'masabata amenewo ndinayamba kuphunzitsa ndekha mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu. Masukulu atatsegulidwa, ife tinangopitiriza.

Apongozi anga sanakondwe nazo. "Amake mwana, sukulu ndi yaulere tsopano. Mufuna mdzukulu wanga akhale mbuli?" Funso lao linali ndi maziko. Kuyambira mu 2022 makolo salipira m'masukulu a boma, ndipo caka comweco boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Iwo anakula nthawi imene mwana wamkazi ndiye anali woyamba kusiyitsidwa sukulu ndalama zikacepa, motero mwana wokhala panyumba amawakumbutsa zowawa. Koma ana amene anabwerera kusukulu ndi ambiri zedi. M'kalasi limene ndinakaona kufupi ndi kwathu, ena anali atakhala pansi. Mwana wanga ndi wamanyazi, safunsa akapanda kumva. Ndinaopa kuti adzamaliza caka osadziwika n'komwe.

Timayamba 08:00, nditatha kusesa, ndipo sitipitirira ola limodzi ndi theka. Tinayambira pa a, e, i, o, u, kenaka ma, me, mi, mo, mu, monga acitira aphunzitsi a giredi 1. Cinyanja n'cokoma poyambira cifukwa cilembo ciliconse cimamveka momwe calembedwera. Mwana akadziwa "ma" ndi "ti", posacedwa awerenga yekha "matimati". Bvuto n'lakuti Cinyanja ca m'mabuku cimasiyana ndi ca m'tauni. Iye amati "manzi", buku likuti "madzi". Ndimamuuza kuti onse awiri ndi mau ake, koma polemba titsatire buku. Cingelezi cili ndi nthawi yake, tikatha kupuma.

Masamu timacita ndi zotsekera mabotolo, nyemba ndi miyala ya ciyato. Ndikamutuma pa kantemba ndi K10, amayenera kundiuza cenji asananyamuke. Zolembera zoyamba zinali makala ndi simenti ya pakhonde. Tsiku lina tinapita ku Lusaka National Museum, ndipo sabata yonse anakhala akujambula mudzi umene anaona kumeneko.

Mtengo wake ulipo. Ndine wosoka, ndipo mu 2024 malaiti anali kupita maola ambiri cifukwa madzi anacepa ku Kariba. Akabwera m'mawa, ndinali kusankha pakati pa makina ndi mwana. Makasitomala ena anapita kwina. Cinanso, mwana amaona anzake akudutsa ndi yunifomu, n'kufunsa kuti yake idzagulidwa liti. Funso limenelo limandilasa. N'cifukwa cake masana aliwonse amapita kukasewera waida ndi anzakewo, ndipo pa Cisanu timakumana ndi amai ena awiri amene ali ndi ana a msinkhu wake, tiphunzitsana mosinthana.

Kwa kholo lofuna kuyamba, ndinganene kuti muyambe mwafika ku ofesi ya DEBS ya m'boma lanu. Lamulo la maphunziro la 2011 limaika pa kholo udindo woona kuti mwana wofika msinkhu wa sukulu akuphunzira, ndipo mayeso a dziko amalembedwa kudzera ku Examinations Council of Zambia. Sungani makope onse a mwana, mulembepo masiku, kuti tsiku lokamulembetsa aphunzitsi adzaone pamene wafika.

Ine sindinalumbire kuti adzaphunzira panyumba mpaka kukula. Disembala aliyense ine ndi atate ake timakhala pansi n'kuonanso. Apongozi sanasinthe maganizo, komabe tsopano Loweruka ndi lao: amamusimbira nthano za Kalulu, iye n'kuzilemba m'kope, mzere umodzi kapena iwiri, kuti akawawerengere sabata yotsatira.