Kasinja wanga wadzimbiri

Aphunzitsi anzanga ndi ophunzira anga akale, moni kuchokera kuno ku Luwani. Ena mwakhala mukufunsa za kasinja wachidole woyendera limoti uja ndinagula pa kaunjika. Wayamba kuyenda! Ndinasintha mota, ndinalumikizanso mawaya, kenako ndinampaka penti wobiriwira. Koma sindinamusiye akunyezimira ayi. Ndinampala m'makona ndi sandipepa, n'kumupaka katondo wosakaniza ndi guluu kuti aoneke wadzimbiri.

Bwanji kuipitsa chinthu chokongola? Kampu ya kuno inasunga anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992, ndipo ena anathawiranso kuno mu 2016. Kwa iwowa kasinja si choseweretsa. N'chifukwa chake ndikufuna ana a Fomu 2 amuone ali wotopa, ngati wotayidwa m'tchire nkhondo itatha. Kasinja wotereyu yekha ndiye ndingalowe naye m'kalasi.