Alonda a pa Chulu ku Chisi

Wofuna kupita ku Chisi ayambe wafika pa doko la Kachulu, kuvuma kwa Zomba. Pamenepo amakwera bwato, ndipo mwini bwato nthawi zambiri amakankha ndi nsungwi, pakuti nyanja ya Chilwa si yakuya. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mbali yaikulu mu 2018, mabwato nkungokhala pa matope ouma.

Ine ndinapita kukaona mapiri ndi milambe ya pachilumbapo, koma chimene ndabwera nacho, owerenga anzanga, ndi nkhani ya misulu.

Mmawa wina ndili m'tsinde mwa phiri ndinaona tinyama ta mizeremizere pamsana tikutuluka m'chulu. Misulu ina inayamba kufukula pansi kufuna zikumbu ndi abongololo. Apa ndi apo umodzi unkaimirira ndi miyendo yakumbuyo, maso kumwamba. Kabawi atadutsa, unalira kamodzi kokha, yonse nkungoti zii m'chulu.

Msulu uli ndi mbale wake m'chipululu cha Kalahari, ku Botswana, Namibia ndi South Africa, dzina lake meerkat. Kumeneko, ku mtsinje wa Kuruman, a Tim Clutton-Brock a ku Cambridge anayamba kutsatira tinyamati mu 1993. Anapeza kuti mlonda amakwera pamalo okwera anzake akudya, ndipo kulira kochenjeza za chiombankhanga nkosiyana ndi kochenjeza za nkhandwe. Chondidabwitsa koposa ndi kaphunzitsidwe kake. Mwana wamng'ono amapatsidwa chinkhanira chakufa. Akasinkhuka amapatsidwa chamoyo koma chothyoledwa mbola, ndipo pomalizira chamoyo ndi mbola yake. Ife amene timaphunzitsa ana tikudziwa kuti kuleza mtima kotereku sikubwera kokha.

Koma tisawakometse mopitirira. Mwa meerkat, wamkazi mmodzi ndiye amabala ana ambiri. Amapirikitsa anzake akazi, nthawi zina nkupha ana awo. Misulu yathuyi ili ndi njira ina. Ku Mweya, ku Uganda, anaona kuti yaikazi ya gulu limodzi imaswa kawirikawiri usiku womwewo, ndiye ana amasakanikirana, nayamwa kwa mayi aliyense. Mwana akayamba kutuluka kunja amadzipezera wamkulu mmodzi, kawirikawiri wosakhala kholo lake, amene amamudyetsa ndi kumunyamula pakagwa zoopsa. Komabe nayonso imamenyana koopsa ndi magulu oyandikana nawo.

Madzulo ake ndinakumbukira zimenezi nditaona ana a pamudzipo. Amuna ambiri a kuno amatha masabata ali m'zimbowera, tinyumba toyandama ta pakati pa mabango, kupha matemba, milamba ndi makumba. Amayi nawo amapita kukagulitsa nsomba kumtunda. Ana ena amatsala ndi agogo kapena azakhali, ndipo amaoneka bwino. Koma ndinaonanso kamnyamata ka zaka ngati zisanu kakusewera kokha m'bwato m'mphepete mwa madzi, dzuwa litalowa, popanda wamkulu wokayang'anira.

Nditawafotokozera mayi a pakhomo pamene ndinafikira, anatuma mdzukulu wawo wamkulu kuti akakatenge. Za misulu anangoseka. "Aphunzitsi, inu mukuitama chifukwa simuweta nkhuku. Sabata yatha yomweyi yandithera mazira asanu ndi awiri."