Mfundo Yosathina

Acinyamata anzanga, nthawi ya misasa yayandikira. Ambiri tikusonkhanitsa mabulangete, mapoto ndi ufa, koma cingwe timacikumbukira pomaliza. Ine ndisanalole gulu langa kukwera lole, ndimafuna aliyense adziwe kusiyana kwa mfundo ziwiri: yothina ndi yosathina.

Yothina tonse timaidziwa, ndi ija ya khwekhwe. Mukakoka, imafinya. Ndi yabwino pomanga mtolo wa nkhuni. Koma mnzanu akagwera m'citsime, musamuponyere cingwe ca mfundo yotere. Idzamufinya pacifuwa mpaka alephere kupuma, inu mukuti mukumupulumutsa.

Pamenepo pafunika mfundo imene amalinyero amaicha bowline. Pindani kamphete pacingwe. Lowetsani nsonga m'kampheteko kucokera pansi, izungulire kumbuyo kwa cingwe cacitalico, ndipo ibwerere m'kamphete momwe inatulukira. Kokani. Mphete yaikulu imene yapangikayo sithina ngakhale inyamule munthu wamkulu, ndipo imamasuka mosavuta mukatha nchito.

Cingwe naco ndi cofunika kusankha. Agogo anandiphunzitsa kuviika luzi la mombo m'madzi ndisanamangire, cifukwa louma limathyoka. Luzi ndi khonje nzabwino pomanga msasa, koma pokoka munthu tengani cingwe ca nailoni cokhuthala, cosadyeka pena paliponse. Kumbukiraninso kuti mfundo iliyonse imacepetsako mphamvu ya cingwe.

Yesezani bowline pamsonkhano wa pa Ciweru, mpaka aliyense aimange atatsinzina. Kuthengo ngozi ingabwere usiku, toci ili kutali, ndipo adzaimanga ndi manja anu, osati maso.