Tsiku Limene Amayi Analawa Tiyi

Mnzanga wina wa kuntchito atabwerako ku maphunziro ku Cape Town, mu ofesi mwathu munalibe mtendere kwa sabata yathunthu. Nkhani yake inali imodzi basi, ya ku Stellenbosch. Ankatisimbira za minda ya mphesa yoyalana mpaka m'tsinde mwa mapiri, ndiponso momwe alendo amayendera munda ndi munda kulawa vinyo, kumununkhiza, kumuzunguza m'tambula, kenaka n'kumulavula. Ife tinafa nazo nseko kuti munthu angalavule bwanji chinthu choti wagula ndi ndalama zake. Iye anangondiloza n'kunena kuti, "Inu a ku Thyolo musaseke. Kwanu komweko anthu amachokera kutali kudzalawa tiyi mwa njira yomweyi. Nanga inu munalawako?"

Funso limeneli linandisowetsa tulo. Ine ndinabadwira kwa Khonjeni, kumene sitima yochokera ku Limbe inkaima ikadutsa pa Luchenza, ife ana n'kumathamangira kusiteshoni ndi malichero a nthochi pamutu. Amayi anga anathyola tiyi pa esiteti ina kwa zaka zoposa makumi awiri. Ankadzuka kusanache, kubereka dengu kumsana, n'kulowa m'mizere yonyowa ndi mame, ndipo pobwera madzulo zala zawo zinkakhala zakuda ndi zong'aluka. Fizi yanga ya kusekondale inachokera m'dengu limenelo. Komabe tiyi amene tinkamwa pakhomo pathu anali uja wa fumbi wa pa okala, womanga m'timapepala, amene amafuna shuga wambiri kuti amweke. Ndinazindikira kuti mayi amene anathyola masamba osawerengeka anali asanalawepo tiyi weniweni wa m'dera lawo lomwe.

Zimenezi sizodabwitsa kwenikweni. Tiyi anayamba kulimidwa ngati mbewu ya malonda ku Mulanje mu 1891 pamene Henry Brown anadzala munda wake, ndipo pambuyo pake anafalikira ku Thyolo. Chiyambire nthawi imeneyo, tiyi wathu wambiri amapita kunja, makamaka ku Britain ndi ku South Africa, wina kudzera pa okushoni ya ku Limbe, ndipo kumeneko amakamusakaniza ndi wa m'mayiko ena. Makolo athu Achilomwe, amene anawoloka kuchokera ku Mozambique, anafikira pa malo a azungu n'kumalipira msonkho wa malowo ndi thukuta lawo mu dongosolo lija la thangata. Choncho kwa ife munda wa tiyi unali malo ogwirako ntchito, osati okachezako.

Ndinatsimikiza mtima kuti ndiwatenge amayi akalawe tiyi ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anaikhazikitsa mu 1923 pafupi ndi boma la Thyolo, imenenso imalandira alendo odzalawa. Vuto linali thumba. Aliyense wogwira ntchito m'boma akudziwa kuti malipiro athu amafika ali ndi eni ake kale: mwini nyumba, a sukulu, a magetsi, a madzi, ndi uja wa pagolosale amene amakulemba m'kabuku. Nditawauza mayi a kunyumba za ganizoli, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Bambo, ndiye kuti tichotse ndalama ya ndiwo kuti anthu akamwe tiyi wopanda shuga?" Sindinawayankhe mwaukali, chifukwa funso lawo linali loona. Tinagwirizana kuti ulendowu usakhudze ndalama ya chakudya kapena ya fizi, ndipo kuti ndizisunga pang'onopang'ono kuchokera pa ndalama yanga ya nkhomaliro. Paja pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndinatenga kope n'kulemba zinthu zinayi: mayendedwe, malo ogona, chakudya, ndi malipiro a kulawako. Poyamba ndinalemba anthu asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo ana, ndipo ndinkalota zobwereka galimoto. Kenaka mu November 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya mafuta ndi ya minibasi n'kukwera ngati yaona mzukwa. Zimene ndinasunga kwa miyezi isanu zinasungunuka ndili chiyang'anire. Ndinabwereranso ku kope lija ndi cholembera, n'kuyamba kufufuta. Galimoto yobwereka inachoka. Mayina a ana anachoka, ngakhale kuti wamkulu anandikwiyira masiku awiri. Pomaliza panatsala mayina awiri, langa ndi la amayi.

Za malo ogona sizinandivute. Pa Satemwa pali Huntingdon House, nyumba yakale ya eni esiteti imene tsopano mumagona alendo, koma imeneyo ndinangoimva mbiri; ine ndinali ndi mphasa yanga kwa Khonjeni. Za chakudya amayi anati zimenezo ndi zawo, ndipo anaphika chinangwa ndi kalongonda, n'kuwonjezera phava la nthochi. Popeza safunsa anadya phula, ndinaimba foni pasadakhale kufunsa mtengo, tsiku ndi nthawi, kuopa kukafika n'kupeza kuti ndalama yapelewera pamaso pa kholo langa. Ndinasankha mwezi wa May 2024. M'dzinja ndi pamene tiyi amaphuka kwambiri, koma misewu ya kumudzi imakhala matope okhaokha ndipo January ndi mwezi wa fizi. Mu May mvula imakhala italeka, minda ikadali yobiriwira, chiperoni chisanafike poluma, ndipo amayi amakhala atakolola.

Chimene sindinachilembe m'kope ndi chakuti eni ulendowo angakane. "Mwanangu," anatero amayi usiku umene ndinafika, "kumeneko n'kwa mabwana. Ine ndikakhala pati? Ndalamayo bwanji osangondigulira feteleza?" Ndinakhala chete, chifukwa thumba la feteleza linali lofunikadi kuposa kapu ya tiyi. Kenaka ndinati, "Amayi, feteleza ndidzayesetsa mu October monga mwa nthawi zonse. Koma ichi chokha ndiloleni." M'mawa ndinawapeza atavala kale chilundu chawo cha ku Mvano, atakhala pakhonde kundidikira.

Tinakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka pa Luchenza, minibasi mpaka kupitirira pang'ono pa boma la Thyolo, kenaka njinga ina kulowa m'minda. Njira yonseyi amayi sankaona kukongola kumene alendo amajambula. Iwo ankaona ntchito. "Apa anadulira mochedwa," ankatero, "ndipo apo athyola mothamanga, taonani timitengo tatsalira."

M'chipinda cholawiramo munali tebulo lalitali, pamwamba pake atandandalika timakapu toyera ta zivindikiro, timbale, ndi masamba owuma a mtundu uliwonse. Mnyamata wotilandira anafotokoza kuti tiyi wakuda, wobiriwira, woyera ndi uja amati oolong onse amachokera ku chitsamba chimodzi, ndipo kusiyana kwake kuli pa kathyoledwe ndi kakonzedwe. Wakuda amamufotetsa, kumuphwanya, n'kumusiya kuti mpweya umudetse asanamuumitse. Wobiriwira amamutenthetsa msanga kuti asade. Woyera amangomufotetsa n'kumuumitsa, osamuvutitsa. Anatiphunzitsa kutunga ndi supuni n'kufyonthola mwaphokoso kuti tiyi afike pakamwa ponse. Amayi, amene anandikwapulapo ndili mwana chifukwa chomwa phala mwaphokoso, anandiyang'ana cham'mbali n'kumwetulira.

Atalawa woyera anati ndi madzi otentha chabe. Wobiriwira anati akununkha ngati chisoso. Koma atafika pa wakuda wina wa masamba athunthu anaima, n'kutola tsamba lonyowa pachivindikiro, kulitambasula pachikhatho. "Uyu anathyola ndi munthu wodziwa," anatero. "Masamba awiri ndi kansonga, osapyola apo. Ndipo anathyola ndi zala, osati ndi chosengera." Mnyamata uja anadabwa n'kufunsa kuti, "Agogo, mwadziwa bwanji?" Iwo anangomuonetsa manja awo. Kuyambira pamenepo wofunsa anali iye, ndipo amayi ndi amene ankaphunzitsa: momwe tsamba la m'mawa limasiyanirana ndi la masana, momwe dengu lotsenderedwa limatenthetsera masamba asanafike pa sikelo. Mawu awo, amene pakhomo paja anali onong'ona, tsopano ankamveka chipinda chonse.

Kulavula kokha ndiko anakana. Anati chinthu chimene munthu anachiweramira tsiku lonse sichilavulidwa. Pamapeto anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, n'kutulutsa kapepala ka shuga kamene anabisa kuchokera kunyumba, kuthira m'kapu ya tiyi wakuda uja, n'kumwa yense mpaka pansi.

Chinangwa chathu tinadyera pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, phiri la Thyolo lili patsogolo pathu. Nditawerenga zotsala m'thumba ndinapeza kuti nditapatula ya minibasi, yotsalayo inali yokwana kapaketi kamodzi kakang'ono ka tiyi amene anawasangalatsa uja. Ndinabwerera kukagula, ndipo ulendo wa ku Blantyre ndinayenda wopanda ngakhale ya botolo la madzi.

Patatha sabata ziwiri mlongo wanga anandiimbira foni. Anati amayi anaitana anzawo anayi amene ankathyola nawo limodzi, amene atsala ndi moyo, n'kuwafululira tiyi uja m'makapu a alendo. Anawauza kuti ayambe alawa wopanda shuga, supuni imodzi yokha, mwaphokoso, ndipo akuti kuseka kwawo kunamveka mpaka kumjigo. Feteleza ndinagula mu November, mochedwa ndi mwezi umodzi, ndipo amayi sanadandaule. Kope lija ndikadali nalo. Patsamba lotsatira ndalembapo mayina a ana aja ndinawafufuta, ndipo pamwamba pa onse ndalemba la mayi awo.