Mawati a pa katoni ndi ndalama za nandolo

Amayi anzanga, nyengo yogulitsa nandolo ikafika kuno ku Nguludi, m'nyumba zambiri mumaloŵa mlendo wachilendo ndithu. Amakwera minibasi ku Limbe ali m'katoni, natsika pa Nguludi Turn-off, kenaka nafika pakhomo atamangidwa ndi mphira kumbuyo kwa kabaza. Nthaŵi zina amadza ndi ana athu ochokera ku Joni pa Khirisimasi. Mlendoyo ndi sipika, chimkuzamawu chija chokhala ndi timagetsi tothwanima, ndipo pa katoni yake pamakhala patalembedwa ndi zilembo zonenepa kuti 3000W, mwinanso 5000W.

Musandimve molakwa, ine nyimbo sindidana nazo. Ife amene tidakula tikumvera MBC pa wailesi ya Nzeru, ija inkapangidwa ku Blantyre, nkumayanika mabatire padzuŵa kuti atifikitse kumapeto kwa mwezi, timadziŵa kuti nyumba yopanda nyimbo imazizira. Bambo amene wakhetsa thukuta chaka chonse ali ndi ufulu wosangalatsa mtima wake. Chimene chimandivuta ndi nambala ya pa katoni ija, pakuti ndiyo imene wogulitsa amaloza ndi chala potchula mtengo, ndipo ndiyonso imene abambo amatiuza monyadira tikafunsa kumene ndalama zapita.

Chilembo cha W chimaimira mawati, muyeso wa mphamvu ya magetsi. Simbi yamagetsi yositira zovala imadya mawati 1,000 kapena kupitirirapo, ndipo nonse mukudziŵa kutentha kwake. Ketulo yamagetsi imadya pafupifupi 2,000. Tsono taganizani: kabokosi kopepuka koti mwana wa sitandade 3 nkunyamula ndi dzanja limodzi, kotchajidwa ndi kachingwe konga ka foni, kangatulutse bwanji mphamvu yoposa simbi zitatu? Palibe makina amene amatulutsa kosalekeza mphamvu yoposa imene alandira. Mtsuko wa malita 20 sungakuthirireni malita 200, ngakhale woumba ataulemba zotani pamimba.

Mukayang'anitsitsa pafupi ndi nambala yaikuluyo, kaŵirikaŵiri mupeza tizilembo tinayi, PMPO. Amati ndi mphamvu imene chipangizocho chingafikepo m'kuphethira kwa diso, koma palibe njira imodzi yogwirizana yoyezera zimenezi, kotero aliyense wopanga amalemba nambala imene yamukomera. Muyeso wodalirika ndi umene amaulemba kuti RMS, womwe umanena mphamvu imene chipangizo chimatulutsa mosadukiza, ndipo nambala yake imakhala yaing'ono kwambiri, yochititsa manyazi wogulitsa. Vutoli ndi lakale. Ku America, mu 1974, bungwe la boma loyang'anira zamalonda la Federal Trade Commission lidachita kukhazikitsa lamulo lokakamiza opanga kunena mphamvu yosadukiza, chifukwa manambala a m'zotsatsa malonda adali atafika posautsa.

Njira yachidule nayi. Tembenuzani sipikayo, muŵerenge kapepala kakang'ono kakumbuyo, pafupi ndi poloŵera chingwe cha magetsi. Pamenepo amalemba mphamvu imene chipangizocho chimadya. Ngati palembedwa 40W, dziŵani kuti zimene zifike m'makutu mwanu nzochepera pamenepo, ndipo 3000W wakutsogolo uja ndi chikomekome cha mkuyu.

Komanso, kodi mawati ambiriwo ngantchito yanji pabalaza lathu? Sipika wamba ikapatsidwa wati imodzi yokha, munthu amene waima mita imodzi kuchokera pamenepo amamva phokoso la madesibelo 85 mpaka 90. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80. Ndiye kuti wati imodzi yakwana kale kusokoneza mwana amene akuŵerengera mayeso kuchipinda. Ndipo khutu lili ndi masamu akeake: kuti phokoso limveke ngati laŵirikiza kaŵiri, mphamvu iyenera kuŵirikiza pafupifupi kakhumi. Wolipira ndalama zambiri kuti achoke pa mawati 50 kufika pa 100 amapindula pang'ono zedi. Za ochititsa maukwati ndi zinkhoswe, amene gumbagumba ndiye khasu lawo, nzina. Iwo akufunikadi zida zamphamvu zodzaza bwalo.

Musaganize kuti opusitsika ndi ife akumudzi tokha. Kumaiko olemera kuli anthu okonda kumvera nyimbo amene amagula masipika a mtengo wa galimoto, ndipo amalonda amawanyengerera ndi mawu okoma onga a mnyamata wofunsira mbeta. Mu 1994, akatswiri aŵiri a kampani yopanga masipika ya Harman, a Floyd Toole ndi a Sean Olive, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Adamvetsera anthu masipika angapo akuwaona ndi maso, ndiponso masipika omwewo atabisika kuseri kwa nsalu. Poona ndi maso, anthuwo adayamikira kwambiri aakulu ndi odula. Atabisika, kusiyana kuja kudachepa, kasipika kotsika mtengo kadakwera, ndipo zidaoneka kuti malo amene sipika yaikidwa m'chipinda amasintha mamvekedwe ake kwambiri, chinthu chimene anthu omwewo sadachizindikire pamene maso adali pa zokongolazo. Maso adamva m'malo mwa makutu. Mu 2007, a James Randi adalonjeza madola 1 miliyoni kwa munthu amene angasiyanitse ndi makutu okha nthambo za sipika zogulitsidwa madola 7,250 ndi nthambo zina zotsikirapo mtengo. Mayesowo sadachitike, ndipo ndalamazo palibe adazitenga.

Kwa iwo, kutaya ndalama motero ndi nkhani yoseka pa tiyi. Kwa ife ndi thumba la feteleza kapena fizi ya temu yathunthu, makamaka chichokereni mu Novembala 2023 pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, katundu yense wochokera kunja nakwera mtengo. Chimandidabwitsa nchakuti mayi yemweyo amene pamsika amagogoda pansi pa chigoba kuona ngati sadachipinde, amene amalaŵa chinangwa asanagule, amangoti zii nkhani ikakhala ya zamagetsi, ati nza abambo zimenezo. Chonsecho makutu tili nawo tonse, ndipo nandoloyo tidapalira limodzi.

Choncho bambo akunyumba akayamba kutchula za sipika, musayambe ndi kukana, pakuti mukakana adzakagula okha. Nenani mwaulemu kuti, "Bambo, tipitire limodzi, nanenso ndikamveko." Tengani foni kapena memory card yokhala ndi nyimbo imene mumaidziŵa bwino, makamaka ya kwaya, chifukwa mawu a anthu savuta kuzindikira akapotoka. Ogulitsa amakonda kuika nyimbo zogunda pachifuŵa, ndipo kugunda kumabisa zambiri. Pemphani kuti akuyesereni masipika aŵiri kapena atatu, onse pa mlingo umodzi wa phokoso, pakuti yokwezedwa pang'ono imamveka ngati ndiyo yabwino. Inu tembenukani, muyang'ane kumsewu, bambo asakuuzeni imene ikulira. Kenaka akweze ndithu kwa mphindi zingapo, mumve ngati siyamba kulira ngati chitini chong'ambika. Funsani ngati batire lake limapezeka likatha, popeza masipika otchaja ambiri amafera pamenepo, ndipo ngati kwanu mumadalira sola, kapepala kakumbuyo kaja kakuuzani ngati batire la panyumba lingapirire mpaka nthaŵi ya nkhani za madzulo. Musachoke m'sitolomo opanda lisiti yolembedwa tsiku, mtengo, ndi miyezi imene mungabweze katunduyo akafa.