Mapepala a mtedza wa a malume

Mphunzitsi wa kumudzi saweruka. Ukachoka kusukulu umapeza pakhonde pali wina woti umuwerengere kalata ya kuchipatala, wina woti umulembere yopita kwa amfumu. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Mchinji, choncho sindidadabwe Loweruka lina a malume atatulukira ndi mapepala m'jumbo.

"Aphunzitsi, tikufuna chizindikiro chija cha Fairtrade. Akuti chimakweza mtengo wa mtedza. Tilembereni," adatero asanakhale n'komwe pampando.

A malume ndi wapampando wa gulu la alimi a mtedza kwathu kuno, ndipo mayi anga ndi membala. Chaka ndi chaka nthawi yokolola ikafika, mavenda amapachika masikelo pamsika, ndipo mlimi amene mwana wake wabwezedwa fizi sakhala ndi mphamvu zonenerera. Za Fairtrade tidazimva kale. Alimi a MASFA konkuno ku Mchinji adalandira satifiketi yake mu 2004, pomwe alimi a nzimbe a Kasinthula ku Chikwawa adailandira mu 2002. Pa shuga, wogula amawonjezera madola 60 pa tani iliyonse pamwamba pa mtengo, ndipo alimi amagwirizana okha chochita ndi ndalamayo. Ku Kasinthula idakumbitsa mijigo ndi kukokera magetsi m'midzi. Ndani sangasirire?

Ndinkayesa ndi ntchito ya usiku umodzi. Idandidyera teremu yonse.

Choyamba ndidapeza kuti mapepala ofunika ndi awiri. Satifiketi ndi ya gulu la alimi, ndipo imachokera ku bungwe la FLOCERT lomwe likulu lake lili ku Bonn m'dziko la Germany, litatumiza munthu wake kudzaona minda, nkhokwe ndi mabuku. Laisensi ndi ina: imeneyo ndi ya amene akulongedza katundu m'mapaketi n'kuikapo chizindikirocho. A malume ankalota mapaketi a mtedza wokazinga okhala ndi dzina la gulu lathu m'masitolo a ku Lilongwe. Ndidawauza kuti maloto amenewo ali ndi khomo lachiwiri, pomwe loyamba sitinagogode n'komwe. Ndalama zolembetsera ndi zolipira chaka ndi chaka amaziwerengera m'mayuro, ndipo kuchokera pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yuro imodzi imameza mtedza wambiri kuposa kale.

Kenaka malamulo. Gulu likhale lolembetsedwa, likhale ndi mndandanda wa mamembala, membala aliyense akhale ndi voti imodzi, msonkhano waukulu uzichitika chaka chilichonse, ndipo mtedza wa mamembala usasakanizidwe ndi wogula kwa anthu ena. Nditapempha mabuku a zachuma, adandibweretsera kope la sukulu lothothoka masamba, lonunkha utsi. Zina zidalembedwa ndi pensulo, zina msungichuma adati amazisunga m'mutu.

Tidaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, ine n'kuwerenga mokweza zolowa ndi zotuluka za zaka ziwiri. Anthu adakhala chete. Kenaka mayi wina wachikulire, amene sindidawamvepo akuyankhula pagulu, adaimirira n'kufunsa za matumba asanu ndi awiri omwe adalowa m'nkhokwe koma sadaoneke pa zogulitsa. Kudali kutentha tsiku limenelo, komatu si dzuwa lokha. Pofika madzulo gulu lidasankha msungichuma wina, mayi yemweyo, ndipo adagula buku lenileni la malisiti.

Koma ndime imene idandisowetsa tulo ndi ya ana. Lamulo likuti mwana wosafika zaka 15 asalembedwe ntchito. Kuthandiza makolo kumunda n'kololedwa ngati waweruka kusukulu kapena ali patchuthi, ntchitoyo ikhale yopepuka. Ndinkamasulira mawu amenewa m'Chichewa pamene m'rejisitala yanga ya Fomu 1 munali dzina la msuweni wanga, mwana wa a malume omwewa, wazaka 14, atajomba masiku asanu ndi anayi. Komwe adali ndinkakudziwa. Ankathothola mtedza.

Mphwake wa munthu sadzudzula malume ake pagulu. Ndidadikira mpaka anthu atabalalika, n'kuwaperekeza ndikukankha njinga yawo.

"Malume, pali ndime iyi. Wodzafufuza uja akabwera amacheza ndi anthu, ndipo rejisitala ya kusukulu sinama."

"Ndiye mukufuna mtedza uwolere m'munda? Waganyu ndimulipira chiyani? Fizi ya mwanayo imachokera mu mtedza womwewo, aphunzitsi. Inunso mudaphunzira ndi mtedza."

Sadaname. Ine ndidajombapo zaka zanga, ndipo dipuloma yanga ili ndi fungo la makoko a mtedza. Amene adalemba lamuloli akunena zoona kuti mwana azikhala m'kalasi, koma mlimi amayenera kuyamba kulitsata lero, pomwe mtengo wabwino womuthandiza kulipira waganyu udzabwera mtsogolo, ngati udzabwere. Mpata umenewo amaulipira ndi mlimi yekha. Komabe sindikadalemba pafomu kuti kwathu kulibe vutoli kenaka Lolemba n'kukaika chizindikiro cha kujomba padzina la msuweni wanga. Ndidawauza kuti pamenepo sindisayina. Tidatha sabata ziwiri tikungopatsana moni wa pamsewu.

Khomo lotsiriza ndi limene ambiri salidziwa: fomu imafuna umboni woti pali wogula amene akufuna katundu wanu pa malamulo a Fairtrade. Satifiketi sigula mtedza. Gulu likhoza kukhala nayo, n'kumalipira chaka ndi chaka, koma mtedza wambiri n'kumapitabe kwa mavenda. Ogula a ku Ulaya nawonso amaopa chuku. Kumeneko mtedza wodya anthu sulowa ngati poizoni wa chuku wapyola magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi. Pamene ife timawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, ndipo chinyezi chomwecho ndicho chimaitana chuku. Mayi anga nditawauza adandiyang'ana ngati ndanyoza agogo awo.

Kalata zopita kwa ogula ndidalemba zinayi. Yankho lidabwera limodzi, lofunsa matani amene tingakwanitse pachaka ndi zotsatira za kuyeza chuku. Zonse ziwiri tinalibe.

Fomuyo sitinatumize. Ili m'sutikesi mwanga pamodzi ndi masatifiketi anga. Chaka chino gulu lagwirizana kusenda mtedza wouma, kutumiza wina kukayezetsa, ndi kukumba mothandizana, lero munda wa uyu mawa wa uyo, kuti ana asajombe. Mabanja atatu adatuluka, ati malamulo achuluka pomwe ndalama sizikuoneka, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Msuweni wanga wajomba masiku awiri teremu ino. A malume adabwera dzana ndi kathumba ka chalimbana, n'kufunsa ngati mzungu uja wayankhanso. Ndidati ayi. Adakhala kaye chete, kenaka adati ndilembenso ina.