Kamera ya Atate Anga ndi Mtengo Wace

M'bokosi la malemu atate anga munatsala kamera yakuda ya Kodak Brownie, imene anabwera nayo pocokera ku nchito ku Joni. Caka catha ndalama za sukulu ya mwana wanga zinasowa, ndipo ndinamva kuti makamera akale amagulidwa pa mtengo woopsa. Tsono ndinaitumiza kwa mphwanga wa ku Johannesburg, kuti akaionetse kwa wogula zinthu zakale.

Yankho lace linandifooketsa: mtengo wa kamerayo sukanalipira ngakhale mwezi umodzi wa sukulu. Wogulayo anauza mphwanga kuti ukalamba pa wokha sukweza mtengo, koma zinthu zinai izi.

Coyamba ndico kusowa. Brownie inayamba m'caka ca 1900, yogulidwa ndi dola imodzi, kuti ana ndi osauka omwe azijambula. Anapanga miyandamiyanda, ndipo kufikira lero ali mbwee. Koma ku Wetzlar, m'dziko la Germany, akampani ya Leitz anapanga makamera oyesera a Leica pafupifupi 25 okha m'caka ca 1923.

Caciwiri ndico mbiri. Makamera oyeserawo ndiwo makolo a Leica imene inayamba kugulitsidwa mu 1925, kamera yaing'ono yolowa m'thumba, yojambula ndi filimu ya mamilimita 35 yonga ya kanema. Nzeruyo inali ya mmisiri Oskar Barnack.

Cacitatu ndico dzanja limene linaigwira. Mu 2018 imodzi mwa oyeserawo, ya nambala 122, inagulidwa ku Vienna ndi mayuro 2.4 miliyoni. Mu 2022 inzace ya nambala 105 inagulidwa ndi 14.4 miliyoni, cifukwa inali ya Barnack mwini wace.

Cacinai ndico kusungika: galasi loyera, kacitseko kolowetsa kuwala kotseguka bwino, ndi zitsulo zosasinthidwa. Yathu ija galasi lace linamera nkhungu m'nyengo za dzinja, ndiponso filimu yace ya 620 a Kodak analeka kuipanga mu 1995.

Pamene mphwanga anafunsa kuti, "Kodi ndigulitse, acimwene?" ndinagona usiku wonse ndikulingalira cacitatu cija. Cithunzi cimodzi cokha ca amai anga cimene tiri naco, atandibereka kumbuyo pakhomo pa nkhokwe, cinaturuka m'kabokosi komweko, atate ataweramira m'kagalasi kace. Ogula a ku Vienna sadziwa dzanja limenelo, koma ine ndilidziwa. M'mawa mwace ndinayankha kuti aibweze, ndipo ndinagulitsa mbuzi ziwiri.

Inu amene muli ndi kamera yakale m'nyumba, musaitaye, ndipo musafulumire kuigulitsa musanafunse odziwa. Muisunge pouma, ndi kulemba pa kapepala dzina la mwini wace ndi kumene anaigula, kuti adzukulu anu adzadziwe cimene agwira. Tsalani bwino.